Khotekhote Ngwa Njira, Palinga Mtima Mpomwepo

Ndinenepo maganizo anga pa nkhani imene ikhudza aliyense wa ife, kuyambira wa Folomu 1 amene wangofika kumene kufikira wa Folomu 4 amene mayeso amuyandikira. Nkhaniyo ndi ya ntchito imene tidzagwira tikatha sukulu. Ndipempha aphunzitsi athu olemekezeka ndi inu anzanga nonse kuti muwerenge mofatsa, ndipo amene aone kuti ndakhota andiwongole m'magazini yotsatira, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pano pa Chapananga mukafunsa ana a sukulu kuti, "Kodi udzagwira ntchito yanji?" mudzamva mayankho a mitundu iwiri. Ena ayankha msanga, chifuwa chili patsogolo, nati, "Ine udokotala basi, zikakanika kuli bwino ndingokhala pakhomo." Ena aseka nati, "Zidzaoneka konko, za mawa sizidziwika." Oyambawo ayesa anzawo amphwayi, ndipo achiwiriwo ayesa anzawo olota usana. Ine ndinena kuti onse awiri agwira mbali imodzi ya choonadi nataya inzake. Makolo athu anamanga mbali ziwirizo m'mwambi umodzi pamene anati, khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Munthu ayenera kuumirira pa cholinga chake zaka zambiri osatekeseka, koma asalumbire kuti adzafika kumeneko pa njira imodzi yokha.

Ndiyambe ndi anzanga a "zidzaoneka konko". Mawu amenewa amveka ngati a munthu wodekha, koma ndi mawu otayitsa zaka. Pamene tilowa Folomu 3 tisankha maphunziro, ndipo kusankha kumeneko kutsegula makomo ena ndi kutseka ena. Mnyamata wosiya Bayoloje, Kemisitiri ndi Fizikisi chifukwa chakuti mnzake wa pabenchi wazisiya, sadziwa kuti tsiku lomwelo wadzitsekera yekha khomo la udokotala, ngakhale adzakhoze bwanji maphunziro enawo. Tidziwanso kuti wofuna malo ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti 6 pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili momwemo. Makirediti otere sabwera ndi kuwerenga kwa milungu itatu yomaliza. Ayamba kumangidwa ku Folomu 1, ndipo munthu sangapirire kuwerenga pa kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa muno ngati sadziwa chimene avutikira.

Ntchito zazikulu zikula mochedwa monga mlambe. Dokotala aphunzira zaka zosachepera 5 atachoka ku sekondale, ndipo akatero sanathe, ayenera kuyamba wagwira pansi pa madokotala aakulu. Amene alibe cholinga adzaona mnzake akupha ndalama pa njinga yamoto ya kabaza nafuna zomwezo. Mawa adzamva kuti chitowe chakwera mtengo nathamangira komweko. Mkuja adzamva za basi yopita ku Johannesburg. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pamenepo makolo athu agulitsa mbuzi ndi thonje kuti ife tipeze yunifolomu, makope ndi sopo. Kodi nkoyenera kuti mbuzi ya amayi ipite pa msika kaamba ka mwana amene sadziwa kumene alinga? Ine ndiyesa kuti iyayi.

Tsono ndifike kwa anzanga a "udokotala basi". Inu ndikulemekezani chifukwa mtima wanu uli ndi moto. Koma ndikupemphani muyang'ane mbiri ya chigwa chathu chomwe chino, muone ngati ilipo njira imene inakhala chikhalire.

Agogo athu ambiri ankadziwa njira imodzi yopezera chuma, ndiyo kulembetsa ku Wenela ndi kukagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mnyamata wa masiku amenewo ankakula akudziwa kuti akadzakhwima adzapita, nadzabwera ndi njinga, wayilesi ndi chuma chokwatirira. Koma mu Epulo 1974 ndege imene inanyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi 74, ndipo boma linaletsa kulembako. Kunayambanso mu 1977, koma mu 1988 kunatheratu. Amene ankayesa kuti moyo ndi mgodi basi anasowa pogwira. Amene ankadziwa kuti cholinga chawo chinali kumanga banja ndi kuphunzitsa ana anafuna njira zina: ena analima thonje, ena anaweta ng'ombe, ena analowa ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, kumene fakitale ya shuga inayamba mu 1966.

Ntchito zifa, koma zina zibadwanso. Nkhalango ya Majete ili pakhomo pathu pompano. Pofika 2003 nyama zambiri za m'menemo zinali zitatha ndi kusaka kosaloledwa. Chaka chimenecho boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse nkhalangoyo, ndipo zipembere zinabwezedwamo. Njovu zinatsatira mu 2006, mikango mu 2012. Pamodzi ndi nyamazo panabwera ntchito za kulondera nkhalango, kuperekeza alendo, kuphika m'nyumba zogona alendo ndi kuweta njuchi. Mwana wa sukulu wa mu 1995 akanati, "Ine ndidzakhala woonetsa alendo mikango ku Majete," anzake akanamuseka mpaka misozi. Momwemonso mu 2020 anayamba kukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'chigwa cha Shire. Minda yothirira ifuna oyeza nthaka, okonza makina, osunga mabuku a ndalama za makalabu a alimi ndi alangizi. Ndani wa ife angawerenge lero ntchito zonse zimene zidzakhalapo iye akadzafika zaka 30?

Ndipo ife a kuno sitifunika kuuzidwa kuti njira iduka. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anagumula mlatho wathu waukulu wa pa mtsinje wa Mwanza, naononganso damu la magetsi ku Kapichira. Kodi anthu analeka kupita ku Boma? Odwala analeka kufuna chipatala? Iyayi. Anadikira madzi aphwe naoloka ndi miyendo, ena atasenza njinga pamutu. Ulendo unatalika ndipo unawawa, koma kumene ankapita sikunasinthe. Palibe amene anakhala pansi pa gombe nati, "Popeza mlatho wagwa, ine ku Boma sindidzapitanso." Komatu ambiri a ife tikonzeka kuchita zomwezo tsiku limene zotsatira za mayeso zidzatuluka.

Apa ndipo pagona nkhani yanga. Vuto lathu nlakuti tisokoneza cholinga ndi dzina la ntchito. Munthu akati afuna udokotala, mufunseni kuti, "Chifukwa ninji?" Wina adzati afuna galimoto ndi jekete loyera, ameneyo cholinga chake ndi ulemu ndi chuma, ndipo zimenezo zipezekanso kwina. Koma wina adzati anaona mayi wodwala akunyamulidwa pa ngolo usiku, ndipo afuna kuti anthu a kwawo asamafe ndi matenda ochizika. Cholinga chenicheni ndi chimenecho, ndipo chili ndi njira zambiri. Ilipo ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing; malo ake ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Ilipo ya ku Malawi College of Health Sciences, kumene aphunzitsa anthu amene m'zipatala zambiri za kumidzi ndiwo aona odwala ndi kulemba mankhwala. Ilipo ya unamwino ndi uzamba, monga ku Trinity kwa Muona m'boma la Nsanje, m'chigwa chathu chomwe chino. Ilipo ngakhale ya mlangizi wa zaumoyo woyenda m'midzi ndi katemera. Njira zimenezi sizilingana kutalika ndi malipiro, zimenezo nzoona, koma zonse zipenya kumodzi, ndipo wolowera pa khomo laling'ono akhoza kudzaonjezera maphunziro ali pa ntchito. Amene ati "udokotala basi" nakhala pakhomo zaka zisanu, sanachize munthu ndi mmodzi yemwe. Mnzake amene analowa unamwino wathandiza kale mazana.

Chimodzimodzi wofuna uinjiniya. Ngati mtima wake ulinga pa kumanga milatho imene madzi a Mwanza sangaigwetse, ayesetse ndithu kupeza malo ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Koma akapanda kusankhidwa asanyoze makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kumene aphunzitsa kumanga, kuwotcherera zitsulo ndi kukoka magetsi. Mlatho sumangidwa ndi wojambula mapulani yekha.

Mbiri imene tiphunzira m'kalasi itipatsa zitsanzo. David Livingstone anabwera mu 1858 ndi sitima yake ya Ma Robert, ali ndi maganizo akuti mtsinje wa Zambezi udzakhala msewu wolowera m'kati mwa Afirika. Atapitirira Tete anapeza mathithi a Cahora Bassa, amene sitima sikanatha kuwadutsa. Sanabwerere kwawo, koma anakhotera mu Shire mu 1859. Kuno nako mathithi a Kapichira anamutsekereza. Anasiya sitima pafupi ndi mudzi wa Chibisa nayenda pansi, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anafika ku Nyanja ya Malawi. Njira inatsekeka kawiri, ndipo kachitatu anasiya ndi sitima yomwe, koma chimene ankafuna, ndiyo njira yolowera m'kati mwa dziko, sanachisiye.

Chitsanzo china ndi cha Dr Hastings Kamuzu Banda. Sindinena za ndale zake, zimenezo akambe ena. Ndinena za ulendo wake wa maphunziro. Anachoka kwawo ku Kasungu cha m'ma 1915 akuyenda pansi. Anagwira ntchito yonyozeka m'chipatala ku Hartley, kumene lero kutchedwa Chegutu m'dziko la Zimbabwe, kenaka anagwira ku migodi ya ku South Africa. Ku America anapita mu 1925, ndipo udokotala anaupeza ku Meharry Medical College mu 1937. Werengani zakazo: zipitirira 20. Wina akanamuona ku mgodi akanati mnyamata uyu wasokera. Koma iye ankadziwa kuti mgodiwo unali khote la njira chabe.

Ndidziwa kuti ena mwa inu, kapenanso aphunzitsi ena, adzanditsutsa nati, "Iwe uphunzitsa anzako kugonja. Ukauza mwana kuti ziliponso njira zina, adzaleka kulimbikira pa njira yaikulu." Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Nzoona kuti waulesi akonda kubisala m'mawu okoma. Nzoonanso kuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma taonani mlimi wa kwathu kuno. Iye adziwa kuti mvula ya m'chigwa muno njosakhulupirika, chotero abzala chimanga, mapira ndi mchewere, ndipo madzi akaphwa atsikira ku dimba kukabzala mbatata. Kodi ameneyo ndi waulesi? Ndiye agwira ntchito koposa onse. Mapanga ake si awiri, pakuti cholinga chake nchimodzi, ndicho nkhokwe yodzaza. Wovumbwa ndi uja amene lero afuna nkhokwe, mawa afuna bawo.

Chotero tiyenera kudziwa kusiyanitsa kukhota ndi kuthawa. Ine ndiona mafunso atatu amene munthu angadzifunse asanasiye njira imene ali. Loyamba: kodi njirayi yatsekekadi, kapena yangokhala yokwera? Masamu kuvuta sikutsekeka kwa njira. Kumeneko nkukwera phiri, ndipo mankhwala ake nkufunsa aphunzitsi ndi anzako, pakuti safunsa anadya phula. Lachiwiri: kodi njira yatsopanoyo indiyandikitsa kumene ndilinga, kapena indibweza m'mbuyo? Wofuna zaumoyo akalowa ntchito yothandiza pa chipatala wakhota. Akapita kukagulitsa mowa wathawa. Lachitatu: kodi ndasankha ndine nditaganiza bwino, kapena andisankhira ena chifukwa cha phindu lawo?

Funso lachitatuli ndilinena makamaka kwa alongo anga. Mawu akuti "usaumirire" agwiritsidwa ntchito molakwa pa atsikana. Mtsikana akalephera mayeso kamodzi, kapena pakhomo pakasowa ndalama, pamabwera achibale ndi mawu ofatsa akuti, "Sukulu si ya onse, mwamuna wapezeka." Kumeneko sikukhota kwa njira, nkukwirira cholinga m'manda. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anakonzedwa mu 2017, salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Ndiponso kuyambira 1993 boma lilola mtsikana amene wabereka kubwerera ku sukulu. Amene abwerera chotero, atakhala pa benchi limodzi ndi ang'ono ake ndi kupirira manong'onong'o, ndiye adziwa tanthauzo la mwambi wathu koposa ife tonse, ndipo ayenera ulemu, osati chiseko.

Nanga za kubwereza MSCE? Ine ndiganiza kuti amene wasemphana pang'ono ndi mapointi ofunika, nadziwa phunziro limene linamugwetsa, achita bwino kubwereza. Koma amene abwereza kachitatu ndi kachinayi, mapointi ali pomwepo, kufuna dzina limodzi lomwelo, aime kaye nadzifunse ngati atsata cholinga kapena atsata manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zaka zimene atayira pa khomo lotseka zikanamufikitsa patali pa khomo lotsegula.

Tsono popeza sitidziwa makhote amene atidikira, nzeru nkunyamula kamba wothandiza pa njira iliyonse. Kamba woyamba ndi Chingerezi, pakuti palibe koleji kapena ofesi imene sichifunika. Wachiwiri ndi Masamu. Namwino ayeza mankhwala, mmisiri ayeza khoma, mlimi wa nzimbe awerengera phindu lake. Wachitatu ndi luso limodzi la manja, kaya kusoka, kaya ukalipentala, kaya kukonza mafoni ndi magetsi a dzuwa, kuti pa zaka zodikira munthu asapemphe sopo kwa makolo okalamba. Wachinayi ndi mbiri yabwino. Kalata imene a hedimasitala adzalemba za khalidwe lathu idzatitsata kulikonse, ndipo bwana aliyense afuna munthu wosunga nthawi ndi wosagwira za eni. Zinayi zimenezi madzi osefukira sangazikokolole.

Ndipempha mnzanga aliyense achite kanthu kamodzi kosafuna ndalama. Tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu. Pamwamba lembani cholinga chanu, osati dzina la ntchito, koma chimene mufuna kudzachitira anthu ndi banja lanu. Pansi pake lembani njira zitatu zofikira kumeneko: yaikulu imene muilakalaka, yapakati, ndi ya pafupi imene mungaiyambe ngakhale zinthu zitavuta. Pa njira iliyonse lembani maphunziro amene ifuna. Mukatero limbikirani pa yaikuluyo ndi mphamvu zanu zonse monga ngati zinazo kulibe. Chaka chikatha tsegulaninso tsambalo. Njirazo mukhoza kuzifufuta ndi kulemba zina malinga ndi zimene mwaphunzira. Koma mzere wa pamwambawo musaufufute msanga, ndipo musaufufute tsiku limene mwakhumudwa.

Kwa inu aphunzitsi athu ndili ndi pempho laulemu. Inu mwayenda kutali ndipo mudziwa makomo amene ife sitinawamvepo. Ambiri a ife tidziwa ntchito zisanu zokha: udokotala, uphunzitsi, unamwino, upolisi ndi usilikali, chifukwa ndizo tiziona ndi maso. Tithandizeni pa nthawi yosankha maphunziro a Folomu 3, kuti tisasankhe motsata anzathu. Ngati nkotheka, tiitanireni anthu a ntchito zosiyanasiyana, a ku Majete, a ku Kapichira, a ku Kasinthula kumene afufuza za ulimi, adzatiuze okha mmene anafikira pamene ali. Ndikhulupira kuti ambiri a iwo adzatiuza kuti sanayende njira yowongoka. Ndiponso mwana akakuuzani cholinga chachikulu musamuseke, ndipo akagwa pa mayeso musamuyese wotayika. Muonetseni khomo lina.

Anzanga, chigwa chathu chifuna anthu ake ophunzira. Chifuna ochiza, omanga, othirira minda ndi ophunzitsa ana amene akudza m'mbuyo mwathu. Wodwala wa kwa Chapananga sadzafunsa ngati amene amuchiza anafika pa njira yachidule kapena yozungulira. Adzangothokoza kuti wafika. Chotero tisankhe kumene tilinga tikadali pano, tikonzeke kukhota pamene njira yaduka, koma tisabwerere. Kuthamanga sikufika, ndipo kuchedwa sikulephera.



Ndine mnzanu wa Folomu 4.